Kabati ya tinthu tamwayi ta ku Asia: pamene tafika

Sabata yoyamba

Ntchito yonseyi yayambira pa kathumba kamene tinatola m'galimoto. Mlamu wanga anaitanitsa Toyota Sienta yogwirapo kale ntchito ku Japan, zija zodzera padoko la Dar es Salaam, ndiye tsiku limene tinkaitsuka tinapeza kathumba kofiira katatsakamira kunsi kwa mpando wa dalaivala. N'kansalu kolimba konyezimira, kophwatalala, kutalika kwake ngati chala chamkombaphala. Kali ndi zilembo zoluka ndi ulusi wagolide, ndipo kukamwa kwake n'komanga ndi kachingwe koyera. Mlamu atangokaona anabwerera m'mbuyo. "Alamu, katayeni kutali ako, n'chithumwa." Ine ndinangokaponya m'thumba la malaya.

Lachitatu ndinakaonetsa ana a kalabu ya mbiri yakale kusukulu kwathu. Tagwirizana kuti chionetsero chathu cha tsiku la makolo, kumapeto kwa teremu ino, chikhale cha tinthu timene anthu a ku Asia amapachika m'nyumba, m'masitolo ndi m'magalimoto pofuna mwayi. Tidzakhala ndi kabati imodzi ya galasi. Chinthu chilichonse chidzakhala ndi kakhadi kake ka m'Chichewa koyankha mafunso atatu: chinachokera kuti, chinayamba liti, nanga mwayiwo eni ake amati uli pati.

Zimene zili m'manja pakali pano n'zochepa. Pali kathumba kaja. Pali mphaka wagolide wogwedeza dzanja, amene tabwereka kwa mayi wina wa golosale pa tauni yathu. Msuweni wanga amene amakaoda katundu ku Guangzhou watipatsa mfundo yofiira yokhala ndi mphonje, ndalama zitatu zachitsulo zoboola pakati, kachipanda kouma komanga riboni, ndi pepala lofiira lokhala ndi chilembo chimodzi chachikulu. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa kale, pano ali pasukulu ku Japan, walonjeza kutiwerengera zilembo pa WhatsApp, ndipo watitumizira kale kadzidzi ndi chule tating'ono tomangira makiyi kudzera mwa mnzake amene anabwera kutchuthi.

Kalipentala wayeza malo mulaibulale. Mutu wongogwirizira ndalemba pa bolodi: Zithumwa za ku Asia. Sukundikhutiritsa, koma wina ndilibe.

Sabata yachiwiri

Mphaka uja si wa ku China. Ana onse analemba kuti China chifukwa amamuona pakauntala m'masitolo a Matchaina ku Limbe ndi ku Lilongwe, ndipo ndisaname, nanenso ndinkaganiza choncho. Dzina lake ndi maneki-neko, mawu a Chijapani otanthauza mphaka wokodola. Anayambira ku Edo, mzinda umene lero ndi Tokyo, chakumapeto kwa ulamuliro wa banja la Tokugawa. Oumba mbiya a ku Imado, kufupi ndi Asakusa, ankaumba timphaka tadothi n'kumagulitsa, ndipo chithunzi china chimene katswiri wojambula wa ku Japan, Hiroshige, anajambula mu 1852 chikuonetsa timphakati tili pamalonda. Kufika pamenepa ndi mbiri yogwirika.

Chotsatira ndi nthano, ndipo nthano n'zimene anawa akuzikonda. Yotchuka ndi ya kachisi wa Gotokuji ku Setagaya, m'Tokyo momwemo. Akuti kachisiyo anali wosauka, wansembe wake ankagawana chakudya chochepacho ndi mphaka. Tsiku lina Ii Naotaka, mfumu ya dera la Hikone, akudutsa pachipata anaona mphaka akumukodola. Analowa, ndipo atangokhala pansi kunagwa chimvula cha ziphaliwali. Poyamika, anasandutsa kachisiyo kukhala wa banja lake. Lero pamenepo pali timphaka toyera tosawerengeka tosiyidwa ndi alendo, tonse tokweza dzanja lamanja ndipo topanda ndalama m'manja. Tagwirizana kuti pamakhadi, mbiri tizilemba ndi inki yakuda, nthano ndi yobiriwira, kuti kholo lowerenga lidziwe pamene lapondapo.

Chimene chandisangalatsa sabata ino n'chakuti ana athu mphakayu amamumva bwino kuposa azungu. Azungu ambiri amati akubayibitsa. Mtsikana wina wa Fomu 2 anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Sala, akuitana uyu." Zoonadi: Ajapani pokodola munthu amaloza chikhatho pansi n'kumapinda zala, monga momwe timachitira ife. Tonse tinaonapo mzungu akutsanzika ana pamsewu popinda zala, anawo n'kuthamangira kwa iye.

Wathuyu amakweza dzanja lamanzere, limene ambiri amati limaitana makasitomala, pamene lamanja limaitana ndalama. Dzanja linalo wagwirizira chindalama chowulungika chotchedwa koban, ndalama yagolide ya nthawi ya Edo. Koban mmodzi anali ryo imodzi (ryo unali muyezo wa ndalama wa nthawiyo), koma pa chindalama cha mphakayu palembedwa ryo 10 miliyoni. Umenewu ndi mwayi wopempha mopanda manyazi. Kolala yofiira ndi kabelu m'khosi n'zimene mabanja olemera a ku Edo ankaveka amphaka awo enieni.

Batire latha Lachisanu, dzanja laima m'mwamba. Ndagula lina ndi ndalama yanga.

Sabata yachitatu

Sabata ino yasintha maganizo anga onse pa kabatiyi, choncho ndilemba zambiri.

Ndinayamba ndi kukangana ndi msuweni. Pepala lofiira lija ndinalimata pakatoni mowongoka bwinobwino, iye ataona chithunzi anandiimbira kuti ku Guangzhou ambiri amalimata chadodolido pa chaka chatsopano chawo. Ndinayesa akundiseka. Koma ndi zoona. Chilembocho ndi fu, kutanthauza dalitso kapena mwayi. Mawu a Chitchaina oti kuzondoka ndi dao, ndipo mawu oti kufika ndi dao. Ndiye munthu akaona pepalalo n'kunena kuti fu wazondoka, khutu limamva kuti mwayi wafika. Mwayi suli m'pepala. Uli pakamwa pa mlendo amene wadutsa pakhomo n'kutchula zimene waona.

Nditagwira chinsinsi chimenechi, zinthu zambiri zinangomasuka zokha. Mleme m'Chitchaina dzina lake lili ndi fu yemweyo, n'chifukwa chake mileme imajambulidwa pa mbale, pa nsalu ndi pa zitseko. Mileme isanu pamodzi imaimira madalitso asanu otchulidwa m'buku lawo lakalekale la Shujing: moyo wautali, chuma, thanzi pamodzi ndi mtendere wamumtima, kukonda khalidwe labwino, ndi kufa imfa yabwino munthu atakalamba. Lachisanuli ana analiseka, koma agogo athu sangaliseke. Nsomba ndi yu, zotsala nazo ndi yu, ndiye nsomba pakhoma ikupempha kuti chaka ndi chaka nkhokwe isathe psiti. Nambala 8 ndi ba, yoyandikana ndi fa, kulemera. N'chifukwa chake masewera a Olimpiki a ku Beijing anatsegulidwa pa 8 Ogasiti 2008 nthawi ya 8 koloko madzulo. Nambala 4 ndi si, yofanana ndi mawu oti imfa, moti m'nyumba zina zosanjikizana mukakwera chikepe simuipeza nambala imeneyi. Ndipo musadzayerekeze kupatsa Mtchaina wotchi yapakhoma ngati mphatso: kupereka wotchi, song zhong, kumamveka ngati kuperekeza maliro.

Ajapani nawo ali chimodzimodzi. Chule ndi kaeru, kubwerera ndi kaeru. Kachule kamaikidwa m'chikwama kuti ndalama yotuluka ibwerere, kapena kumpatsa wapaulendo kuti akabwere wamoyo. Ndalama ya ma yen 5, imene ilinso yoboola pakati, imatchedwa go-en, mawu omwewo otanthauza ubale kapena kukumana kwabwino, choncho ndi imene anthu amakonda kuponya m'bokosi la zopereka kukachisi. Ngakhale chokoleti cha KitKat chinalowa m'gulu, poti dzina lake limamveka ngati kitto katsu, upambana ndithu, ndipo makolo amagulira ana nthawi ya mayeso. A Fomu 4 atamva izi anafunsa ngati kalabu ili ndi bajeti.

Ndiye pali kadzidzi. Kwathu kuno kadzidzi akalira padenga anthu sagona, m'mawa amayamba kufunsana amene akudwala. Mayi amene amasesa mulaibulale anakana kupukuta tebulo pamene panali kanthuko. Koma ku Japan kadzidzi ndi fukuro, ndipo mawuwa ukawadula pawiri amatha kumveka kuti kopanda mavuto. Mbalame ndi yomweyo, maso ndi omwewo, imauluka usiku konsekonse. Chasiyana ndi dzina basi. Ife tinamva kulira kwake, iwo anamva dzina lake.

Ndinavutika kufotokozera ana mmene mawu awiri angafanane koma n'kusiyana kakwezedwe ka liwu, mpaka mnyamata wina wakumbuyo anandipulumutsa. "Sala, ngati mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo." Kenaka anawonjezera kuti tikanakhala Atchaina bwenzi ogulitsa onse mumsika atapachika kanthambi pabenchi kuti malonda akhale ndi mtengo wabwino. Chitsanzo chimenechi chalowa pa khadi lalikulu la shelefu yoyamba. Sindikanachipeza ndekha.

Chotero timakhadi tonse tolemba kale ndatichotsa. Funso lachitatu lija, lakuti mwayi uli pati, silingayankhidwe popanda kulemba dzina la chinthucho m'chinenero cha eni ake ndi mawu amene likufanana nawo.

Sabata yachinayi

Daruma tinalibe, ndiye tinaganiza zoumba wathu. Tataya masiku ambiri.

Daruma ndi chidole chofiira chobulungira, chopanda manja ndi miyendo, chokhala ndi nkhope yaukali ndi maso oyera opanda kadontho. Chimaimira Bodhidharma, mmonke amene amati anabweretsa chiphunzitso cha Chibuda chotchedwa Zen ku China cha m'zaka za m'ma 500. Inki yobiriwira: anakhala pansi kuyang'ana khoma la phanga zaka 9 akusinkhasinkha mpaka manja ndi miyendo zinapuwala. Inki yakuda: zidole zambiri za mtunduwu zimapangidwa ku Takasaki m'chigawo cha Gunma, kumene kuli kachisi wa Shorinzan Darumaji, ndipo alimi akumeneko ankaziumba ndi mapepala m'nyengo yozizira pamene kumunda kulibe ntchito. Nsidze zake amazijambula ngati tsuru, mbalame ya miyendo italiitali yonga kakowa, ndipo ndevu ngati kamba, poti Ajapani amati tsuru amakhala zaka 1,000 ndipo kamba zaka 10,000.

Mwini akagula amadetsa diso limodzi, la kumanzere kwa chidolecho, uku akutchula chimene akufuna kukwaniritsa. Linalo amadzadetsa chikatheka. Chaka chikatha amachibweza kukachisi kukatenthedwa pamodzi ndi zinzake. Andale a ku Japan amachita zimenezi pa chisankho, wopambana amadetsa diso lachiwiri makamera akujambula.

Tinafufuma baluni, n'kumata nyuzipepala zong'ambang'amba ndi phala la ufa wa kondowole, magawo asanu. Mvula ya mwezi uno sinatipatse mpata. Patatha masiku atatu chinali chikadali chinyontho ndipo chinayamba chuku. Tinachisiya pawindo Loweruka, pofika Lolemba makoswe anali atadya theka la nkhope. Wolowa m'malo mwake tamata ndi guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi, n'kumuumitsa kukhitchini pafupi ndi moto wa nyemba.

Vuto lenileni linali kudzuka. Daruma ukamukankha amayenera kuyendayenda n'kuimanso yekha, ndipo tanthauzo lake lonse lagona pamenepo: nanakorobi yaoki, kugwa kasanu n'kawiri, kudzuka kasanu n'katatu. Wathu tinamuika chibuma cha dongo m'mimba, titamukankha anangogona cham'mbali ngati wakhuta kachasu, osadzukanso. Dongolo linali lalitali, kulemera kunakwera m'mwamba. Tinamuboola kunsi, n'kuumba lina lophwatalala ngati chigumu, lotambalala, lokhala pansi penipeni, mutu n'kuusiya wopanda kanthu. Tsopano akudzuka, ngakhale amapendekeka pang'ono kumanja.

Mtsikana amene amakhoza masamu anafunsa kuti munthu wogwa kasanu n'kawiri angadzuke bwanji kasanu n'katatu. Yankho limene ena amapereka n'lakuti kudzuka koyamba ndi kwa mwana pamene akuphunzira kuima, asanagwepo. Sanakhutire. Walemba funso lakelo pakhadi, ndalisiya.

Sabata yachisanu

Lachiwiri ahedi anandiitanitsa. "Aphunzitsi, khalani. Ndamva kuti kulaibulale mukuumba mafano." Kholo lina linadandaula mwana atakafotokoza kunyumba kuti a Fomu 4 akufuna kudetsa diso la daruma kuti akhoze mayeso. Ndiye panalinso mutu uja pa bolodi.

Ndinayamba kudziteteza kuti zonsezi n'zokongoletsa chabe, koma ndili pakati pa chiganizo ndinadzimva kuti ndikunama. Mphaka wa batire ndi chokongoletsa, inde. Mulibe mankhwala, sanadutse m'manja mwa sing'anga aliyense, amapangidwa m'fakitale. Pepala la fu ndi nthabwala ya mawu yosanduka mwambo. Koma kathumba kofiira kaja n'kosokedwa, m'kati muli kanthu kobisika, kanachokera m'manja mwa wansembe amene anakapempherera, ndipo mwini wake amauzidwa kuti asakatsegule. Chinthu chotere m'Chichewa chili ndi dzina kale. Mlamu wanga sanalakwitse. Kuchitcha chokongoletsa n'kunamiza makolo, komanso n'kunyoza Mjapani amene anakapachika m'galimoto yake ndi mtima wonse.

Ndinawauza ahedi zimenezi, ndipo ndinawonjeza kuti ineyo ndinakula ndi kachingwe m'khosi kamene agogo anandimanga ka liwombo, ndipo ndikukhulupirira kuti theka la makolo odzabwerawo ndi chimodzimodzi, kaya avomere kaya akane. Anaseka pang'ono n'kuyang'ana kumbali. Atchaina nawo amaveka khanda kaloko kasiliva m'khosi, changming suo, loko wa moyo wautali, kuti mwana atsekeredwe kuno asapite. Mabanja ena ankapemphetsa kandalama kumakomo 100 kuti asulitse lokoyo. Ngakhale kufiira kwa daruma kunakhudzana ndi nthomba, poti nthawi ya Edo anthu ankakhulupirira kuti mtundu wofiira umaithamangitsa, ndipo ankaika zidole zofiira pafupi ndi mwana wodwala. Kulikonse kumene makanda ankafa kawirikawiri, amayi anapeza kanthu komanga m'khosi.

Tagwirizana motere. Kalabu siidetsa diso la daruma popempha chilichonse. Tiumba wachiwiri, mmodzi akhale wa maso oyera, wina wa diso limodzi, kungoonetsa mmene zimakhalira. Mutu wa pa bolodi uchoke. Mawu oti chithumwa atsale pa khadi limodzi lokha, la kathumba.

Pamene ndagonja ndi pa kachipanda. Dzina lake ndi hulu, lomveka ngati fu lu, dalitso ndi malipiro a udindo, ndipo Li Tieguai, mmodzi wa anthu asanu ndi atatu osafa a m'nthano za Chitao (chipembedzo china cha ku China), amanyamula chipanda chotere chodzaza mankhwala ochiritsa. Ahedi anangochiyang'ana n'kunena kuti, "Iyi ndi nsupa, aphunzitsi. Mulembe zimene mulembe, kholo lidzaona nsupa." Sindinathe kutsutsa, chifukwa ngakhale ntchito yake m'nthanoyo ndi ya nsupa. Tiika chithunzi chokha. Zikundipwetekabe, poti ndi chinthu chimene chikanayambitsa macheza abwino kuposa zonse.

Sabata yachisanu ndi chimodzi

Ndalama zitatu zija n'zongopanga dzulodzuloli, zogulitsa alendo. Zilembo zake ndi za mfumu Qianlong, amene analamulira kuyambira 1735 mpaka 1796, koma zonse zitatu zili ndi kachilema kofanana pamalo amodzi. Talemba pakhadi kuti ndi zofanizira. Maonekedwe ake ndi akale zedi: ndalama yozungulira ya bowo la ngodya zinayi inakhazikitsidwa m'dziko lonse ndi Qin Shi Huang atagwirizanitsa China mu 221 BC, ndipo inakhalapo zaka zoposa 2,000. Amati kuzungulira ndi thambo, ngodya zinayi ndi dziko. Panalinso chifukwa cha kuntchito: osula ankazitunga pa kamtengo ka ngodya zinayi kuti zisazungulire popala m'mphepete, ndipo amalonda ankazitunga pachingwe. Ofuna mwayi amamanga pamodzi ndalama za mafumu asanu otsatizana, Shunzhi, Kangxi, Yongzheng, Qianlong ndi Jiaqing, poti nthawi yawo imakumbukidwa ngati ya chuma.

Alonda athu, bambo achikulire, ataziona anati, "Aphunzitsi, ife tinagulirapo khobidi loboola." Akunena peni ya nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, imene inalidi ndi bowo pakati, koma lozungulira. Alonjeza kufufuza m'chitini kunyumba.

Mfundo yofiira ndi ya mtundu wa pan chang, chingwe chimodzi cholukanalukana chosaoneka poyambira ndi pothera, chimodzi mwa zizindikiro zisanu ndi zitatu za Chibuda. Ine ndinayesa madzulo awiri ndi kanema wa pa YouTube, zinangotuluka zopiringizika. Mtsikana wina amene amaluka anzake tsitsi ku hositelo anabaya mapini pakatoni, n'kuzungulitsa chingwe cha nayiloni cha mamita atatu, ndipo pa ulendo wachitatu inatheka. Yake tiika pambali pa ya ku Guangzhou.

Korea ndi Thailand tazisiya, tilibe chogwirika ndipo sindikufuna kabati ya zithunzi zokhazokha. India ilowa ndi chinthu chimodzi chimene tingapange m'mawa wa tsikulo: nimbu mirchi, ndimu imodzi ndi tsabola wamuwisi 7 zotungidwa pa ulusi, zimene amapachika pakhomo la sitolo kapena kutsogolo kwa lole. Nthano yake imati Alakshmi, mwini tsoka ndi umphawi, amakonda zowawasa ndi zowawa, ndiye amadyera pakhomo pomwepo n'kubwerera osalowa.

Sabata yachisanu ndi chiwiri

Mnyamata wa ku Japan uja wawerenga zilembo za kathumba. Dzina la zinthu zotere ndi omamori, kuchokera ku mawu oti kuteteza. Kutsogolo kwalembedwa kotsu anzen, chitetezo cha pamsewu. Kumbuyo kuli dzina la Naritasan, kachisi wamkulu wa Chibuda mumzinda wa Narita m'chigawo cha Chiba, kufupi ndi bwalo la ndege. Kachisiyu anayamba mu 940 ndipo ndi wotchuka pa nkhani ya magalimoto, moti anthu amapita ndi galimoto yatsopano kuti ansembe akaipempherere. Mnyamatayo akuti tiyang'anenso kumbuyo kwa magalimoto ochokera ku Japan, ena amabwera ndi masitika a makachisi otere. Ana ayamba kale kuwasaka pa depoti.

Omamori alipo a mitundumitundu: a mayeso, a uchembere wabwino, a malonda, a kupeza banja. A mayeso otchuka amachokera ku makachisi a Tenmangu, monga wa ku Dazaifu ndi wa Kitano ku Kyoto, olemekeza Sugawara no Michizane, katswiri wa maphunziro amene anamwalira mu 903 atathamangitsidwa kulikulu chifukwa cha nsanje za anzake. M'kati mwa kathumba mumakhala kapepala kapena kathabwa kolembedwa pemphero kapena dzina la woteteza. Sikatsegulidwa. Pakatha chaka amakabweza kukachisi kuti katenthedwe, n'kutenga katsopano.

Apa m'pamene panabuka mkangano waukulu m'kalabu. Anyamata akufuna titsegule, akuti ndife ofufuza mbiri, ndipo mwini wake anakataya kale pogulitsa galimoto. Ukakafinya umamvadi kanthu kolimba, kophwatalala. Mtsikana woluka mfundo uja anafunsa kuti, "Mutapeza chithumwa cha agogo anu m'sutikesi, mungang'ambe pamaso pa anthu kuti aone?" Chipinda chinati zii. Tinavota, osatsegula anapambana ndi mavoti awiri okha. Ine ndinavotera osatsegula, ngakhale usiku womwewo ndinakaunika ndi tochi ya foni kuti mwina ndione chithunzithunzi. Nsaluyo ndi yochindikala, sindinaone kanthu.

Pakhadi tajambula chimene chimakhala m'kati mwa omamori ambiri, ndipo talemba kuti kathuka sitinakatsegule.

Sabata yachisanu ndi chitatu

Kabati yafika Lolemba, galasi limodzi lili losweka pangodya. Kalipentala akuti asintha lisanafike Lachisanu.

Tasanja mashelefu atatu, osati potengera dziko monga tinkaganizira poyamba. Pamwamba pali zimene mwayi wake uli m'dzina: fu wozondoka, chule, kadzidzi, chithunzi cha mileme isanu ndi cha hulu. Pakati pali zimene mwayi wake uli m'nkhani kapena m'maonekedwe: mphaka, adaruma awiri, mfundo ziwiri, ndalama, ndi msomali wodikira ndimu ndi tsabola. Pansi pali kathumba kokha, pa nsalu yoyera. Mutu watsopano ndi wautali koma ahedi auvomera: Zimene anthu a ku Asia amapachika pofuna mwayi.

Timakhadi khumi talembedwa, awiri atsala. La mileme likuvuta chifukwa madalitso asanu sakukwana pa khadi limodzi popanda kuchepetsa zilembo, ndipo makolo ambiri sadzabwera ndi magalasi. Daruma wachiwiri akuuma kukhitchini, ophika amutcha kale dzina. Mayi wa golosale akufuna mphaka wake abwerere Loweruka lomwelo madzulo, akuti chichokereni malonda sakuyenda, ndipo sindikudziwa ngati amaseka. Alonda sanapeze khobidi, apeza batani la yunifolomu.

Mlamu anabwera dzulo kudzatenga ana. Sabata yatha tayala lakutsogolo linaphulika akutsika ku Dedza, mwamwayi anali pang'onopang'ono ndipo palibe anavulala. Anaima pa kabati nthawi yaitali akuwerenga khadi lapansi, mpaka pamene talemba kuti kathumba kotere mphamvu yake amati ndi ya chaka chimodzi. Anafunsa kuti galimotoyo inakhala zaka zingati ku Japan isanabwere. Ndinati mapepala ali ndi iwo. Potuluka, ali pakhomo, anati, "Alamu, chionetsero chikatha kathumbako mukaika kuti?" Ndinati tikuganiza zokatumiza kwa mnyamata uja kuti akakabweze ku Narita. Anati ndiwadziwitse ndisanatumize.

Mawa tigula mandimu ndi tsabola woyeserera, tione ngati singano yathu ikwanitse kuboola ndimu osaiphwanya.